Tsiku Limene Akapitawo Anayeza Amphaka Pasikelo ya Tiyi

Tadala, Mphatso, ndi iwe Upile amene sunayambe kuwerenga koma makutu ako amamva ngakhale za akuluakulu, khalani pansi mumve. Tadala, werenga mokweza, ndipo usamameze mawu ngati ukuthamangitsidwa.

Pafoni paja Lamulungu munalankhula nonse atatu nthawi imodzi, wina akulira, wina akukuwa, mpaka mayunitsi anatha ndisanayankhe. Koma ndinamva. Mwatola mphaka kuseri kwa msika ku Bangwe, wowonda, wong'ambika khutu, ndipo wakhala pansi pa kabati masiku anayi osatuluka. Bambo anu alamula kuti likafika Loweruka amuika m'thumba akamutaye kutali. Mwandipempha kuti ndiwakalipire. Ine sindikalipira munthu wa ndevu zake, wa ana atatu. Ndingokuuzani zimene ndinaona ndi maso anga. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene akubwera ku Limbe mawa ndi chinangwa chake, kuti ikupezeni Loweruka lisanafike.

Inu mumandidziwa ndili kuno ku Khonjeni, ndikulima nandolo ndi kukangana ndi nkhuku. Koma bambo anu, Fanuwelo, anabadwira ku esiteti, ine ndili mtsikana wothyola tiyi. Tinkakhala pa laini. Nyumba za pa laini zinali chipinda chimodzi, kakhitchini kuseri, khoma limodzi ndi mnzako. Wa nyumba inayo akayetsemula, iwe unkati pepani. Nyumbayo inali ya esiteti, ndipo inalembedwa m'dzina langa, chifukwa agogo anu aamuna ankangolembedwa ntchito miyezi yochepa pachaka, yodula bulugama wa ku fakitale. Ntchito yanga ikanatha, nyumba nayo ikanatha tsiku lomwelo. Gwirani mawu amenewa, muwafuna kutsogoloku.

Masiku ano ndimamva kuti ena akudula tiyi ndi masizasi, ena ndi makina olira ngati njinga yamoto. Ife tinkathyola ndi zala: masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo m'basiketi, osatembenuka. Basiketi yake yansungwi, yaitali kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, zingwe zake zikudya mapewa. M'chiuno tinkamanga chipulasitiki kuti mitengo isating'ambire zovala. Ukazolowera, manja amagwira ntchito okha, mutu uli kumaliro a ku Changata kapena pa ndiwo za madzulo. Mphatso, iwe amene umadandaula kuti chikwama cha kusukulu chikulemera, ndikanakubereketsa basiketi ya masamba onyowa ukanandiyitanira apolisi.

Pa laini panali makoswe. Sindikunena timbewa ta m'munda timene amalume anu amawotcha. Ndikunena makoswe onenepa, a michira ngati chingwe cha nsapato, oyenda pamtanda wa denga dzuwa lili pamutu, akukuyang'ana ngati nyumbayo ndi yawo, iwe ndiwe mlendo. Anadya sopo, anadya makaka amene mayi anga ananditumizira, anaboola ndi buku la nyimbo la agogo anu. Misampha anaizolowera. Mankhwala ndinkaopa, chifukwa pa laini ana anali okwawa khomo lililonse.

Ndikapita kumunda, Fanuwelo ndinkamusiya ndi mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe. Tsiku lina masana anamugoneka pamkeka atamudyetsa phala, iwo n'kutuluka kukayanika zovala. Phala lina linali litadonthera kuphazi. Pobwerera anapeza mwana akulira mpaka mawu kutha, magazi ali pamkeka, khoswe akukwera khoma mosafulumira. Anamuluma kachala kakang'ono ka phazi lamanzere. Kuchipatala cha pa esiteti anatsuka, anamanga, anabaya jakisoni. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinkathyola tiyi mtima uli kunyumba. Mwana aliyense akalira patali, zala zanga zinkaima.

Ndinauza agogo anu kuti tipeze mphaka. Anayankha akumanga nsapato, osandiyang'ana: "M'nyumba muno mphaka ayi." Tadala, mawu amenewa sunawamve penapake sabata ino? Ndiye dziwa kumene anachokera.

Nthawi imeneyo pa laini pathu panalibe woweta mphaka. Anthu ankati mphaka amene sukudziwa kumene wachokera ndi wotumidwa, amamva zolankhula n'kukanena kwa mwini wake. Koma ine ndinali nditamuona mmodzi. Njira yathu ya kumunda inkadutsa pakamlatho, ndipo m'mawa wina wa mvula ndinaona chinthu chotuwa chitakhala pamwala, nthiti zikuwerengeka. Nditangoima, chinalowa pansi pa tiyi. Anali wotuwa ngati nkhungu ya chiperoni, ndiye mumtima ndinamutcha Chiperoni.

Ndinayamba kumanga mitu ya usipa pansonga ya chitenje. Podutsa pakamlatho ndinkaisiya pamwala paja n'kupitirira, osaima, osaitana. Pobwerera ndinkapeza palibe. Mnzanga Esinala, amene tinkathyola mizere yoyandikana, anandigwira tsiku lachitatu.

"Iwe, ukupereka nsembe kwa ndani pamenepo?"

"Ndikudyetsa mphaka."

"Mphaka wa m'tchire? Ee, amake Fanuwelo alemera! Enafe mitu ya usipa timakanganirana ndi amuna athu, iwe ukupatsa mfiti. Akadzakuyankhula usiku usadzandidzutse."

"Akadzayankhula ndidzamufunsa amene anandibera poto."

Esinala anaseka mpaka basiketi kupendama, chifukwa potoyo anabwereka ndi iyeyo, ndipo kufikira lero sanabweze.

Mvula inatha, mikoko iwiri ya nthochi za kuseri kwa laini inapsa, Chiperoni asanandilole kumuona akudya. Ndinaphunzira kuti ndikamuyang'ana m'maso amathawa, ndikatambasula dzanja amathawa, koma ndikakhala pansi chomufulatira n'kumamanga duku langa, amatuluka. Ndinkamva kutafuna kumbuyo kwanga. Inu ana a masiku ano mumafuna chinthu chichitike mukangodina ndi chala, ngati pafoni. Mphaka amene anagendedwa moyo wake wonse sakhulupirira munthu Lachinayi chifukwa wamupatsa mkaka Lachitatu.

Kuzizira kutayamba ndinaona kuti mimba yake yakula. Kenako anasowa masiku angapo, n'kubwera wophwa, mawere akulendewera. Ndinamulondola ndi maso. Pamwamba pa munda wa tiyi pamakhala posalala ngati tebulo, ndiye chinthu chikamayenda pansi pake, masamba amagwedezeka mumzere. Mzerewo unakathera pakati pa munda wa pakamlatho pomwepo.

Tsopano miyezi yozizira ndi imene amadulira tiyi. Amabwera amuna ndi mipeni yokhota, kudula mitengo yonse mpaka m'mawondo, munda kusanduka zitsa. Ambiri ankabwera ndi agalu awo kuti azigwira zimene zikuthawa pansipo. M'mawa wina akapitawo athu, a Jailosi, analengeza kuti tithyole munda wa pakamlatho komaliza, chifukwa mawa odulira alowamo.

A Jailosi sanali munthu woipa, koma anali munthu wa lamulo. Mwezi umodzi m'mbuyomo anagwira mayi wina atakulunga mwala m'nsalu n'kuubisa pansi pa masamba kuti basiketi ilemere pasikelo. Anaukweza mwalawo m'mwamba, anaumenyetsa pansi kuti tonse timve, ndipo madzulo ake katundu wa mayiyo anali panja pa laini, ana atakhala pamtolo.

Tsiku limenelo kunagwa chiperoni chenicheni, kamvula kosalekeza, nkhungu mpaka osaona wa mzere wachitatu. Ndinasankha mzere umene ndinkaudziwa. Nditafika pakati ndinagwada, n'kulowetsa mutu pansi pa mitengo. Anali atatu, pamasamba ouma, maso asanatsegule, aliyense wokwana m'dzanja limodzi. Mayi wawo anali chapatali pang'ono, makutu atagona, akundiwuzira mpweya ngati njoka. Ndinati, "Pepa mayi mnzanga, mawa kuno kulibe nyumba." Ndinavula duku, ndinawakulunga bwinobwino, n'kuika kamtoloko m'basiketi pamwamba pa masamba ochepa amene ndinali nditathyola.

Maganizo anga anali oti ndidutse m'munda mpaka kumsewu, ndithamangire ku laini, ndiwasiye m'khitchini, ndibwerere sikelo isanafike. Koma apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo wothyola tiyi aliyense akanalakwa chimodzimodzi. Manja athu sadziwa kudutsa m'munda ali chete. Mutu unali pa amphaka, pa agalu a mawa, pa zimene agogo anu akanene, koma zala zinali pantchito: thyola, ponya kumbuyo, thyola, ponya kumbuyo. Mundawo unali wautali. Pofika kumsewu basiketi inali itadzaza, kamtolo kaja kali pansi penipeni.

Ndipo chifukwa cha mvulayo thirakitala yodzatenga masamba inabwera msanga. Ndinatulukira pamtengo womwe ankapachikapo sikelo, anthu atayamba kale kusonkhana.

"Onani amake Fanuwelo!" anatero a Jailosi. "Ena mukuotha manja m'khwapa, anzanu adzaza. Bwerani muyambe ndinu."

Ndisanatsegule pakamwa, Esinala anali atanditula basiketi, akuti akundithandiza. A Jailosi anapinda malaya n'kulowetsa mkono m'masamba, monga ankachitira ndi aliyense, kufufuza masamba okhwima. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anatulutsa kamtolo ka nsalu.

Woyendetsa thirakitala anazimitsa injini.

"Inunso?" anatero motsitsa mawu. "Inu amene ndimakutchulani ndikamalangiza ena? Muli ndi khanda, amuna anu ali pakhomo, mukagona kuti lero?"

Ndinkaona mkeka wanga, poto ndi mwana, zonse zili panja pamvula. Kenako a Jailosi anakweza dzanja m'mwamba kuti amenyetse kamtoloko pansi, ngati mwala uja.

Ana inu, ine chibadwire sindinagwirepo mwamuna wa eni. Koma tsiku limenelo ndinalumpha, ndinakakamira mkono wa akapitawo ndi manja onse awiri, n'kukuwa kuti, "Ndi ana! Muli ana m'menemo!"

Kamtoloko kanalira. Kamawu kakang'ono, ngati chitseko cha kabati. A Jailosi anatsala pang'ono kukagwetsa ndi mantha. Anakaika pamasamba n'kumasula ndi nsonga za zala, ndipo timitu titatu tinatuluka tikufunafuna bere. Anthu anaphulika ndi kuseka. Wina anathawa akuti ndi zamatsenga. Esinala anagwira m'mimba: "Mayo ine! Azungu akunja akanamwa tiyi wa ubweya!"

Koma a Jailosi sanaseke. Anati, "Lamulo likuti chilichonse chimene si tsamba chikapezeka m'basiketi, ndi kuba. Silinatchule kuti mwala. Ndikakusiyani inu, uja ndinamuchotsa ndidzamuyang'ana bwanji?"

Apa mantha anali atandithera, ndinangotsala ndi kutopa. Ndinagwada pamatope. Ndinati, "Akapitawo, masamba onsewa atayeni, lero ndisalembedwe. Sindinafune kulemeretsa basiketi. Mwana wanga analumidwa ndi khoswe tsiku lija masana, mukudziwa, munandipatsa chilolezo chopita naye kuchipatala ndinu. Mphaka ameneyu ndamunyengerera kuyambira nthawi ya mvula. Mawa odulira akubwera ndi agalu. Ngati ndaba, yezani muone chimene ndaba."

A Jailosi anamanga dukulo mfundo, n'kulikoleka pa ngowe ya sikelo, tiana tili momwemo. Tonse tinayandikira. Muvi wa sikelo unangonjenjemera pang'ono n'kukhala pafupi ndi pamene unali.

"Wakuba wake ndi wopusa," anatero Esinala. "Thukuta la akapitawo likulemera kuposa pamenepa."

"Inu, tsekani pakamwa," anatero a Jailosi, koma milomo yawo inali ikugwedera pobisa kuseka. Anatembenukira kwa ine. "Masambawa akununkha mphaka, kawatayeni m'ngalande. Lero simunagwire ntchito. Mawa mubwere m'mawa ngati anzanu." Pondipatsa dukulo anatsitsa mawu kuti ena asamve: "Akakula, mmodzi ndi wanga. Kwanganso makoswe andidyera jekete."

Nditatembenuka ndinaona tiyi wa m'mbali mwa msewu akugwedezeka. Chiperoni anali atanditsatira munda wonse pansi pa mitengo, ndipo anali pomwepo, maso awiri pakati pa nthambi.

Ulendo umene ndinkauyenda kanthawi kochepa, tsiku limenelo ndinauyenda ngati mkwatibwi. Masitepe khumi, kuima, kutsegula duku kuti tiana tilire, kudikira masamba agwedezeke, kupitanso. Pamene tiyi anathera, pali bwalo loyera lofika ku laini, iye anaima. Ndinaika ana ake m'lichero lakale m'khitchini, ndinasiya chitseko chotsegula, n'kukakhala pakhonde chofulatira, ndikuyamwitsa Fanuwelo.

Agogo anu anatulukira. "Amake Fanuwelo, mwaweruka nthawi ino? Nanga chikulira m'khitchini n'chiyani?"

Ndinawauza zonse. Iwo anati, "Ndinanena kuti m'nyumba muno mphaka ayi."

"Munanena. M'khitchini si m'nyumba. Khalani pansi, ndipo musayang'ane kumbuyo."

Anakhala, akung'ung'udza. Tinakhala choncho anthu awiri akuluakulu, tikuyang'ana nthochi, mpaka miyendo kuchita dzanzi. Dzuwa litapendeka ndinaona ndi ngodya ya diso chinthu chotuwa chikukwawa ndi mimba kudutsa bwalo. Chiperoni analowa m'khitchini. Anatuluka atanyamula kamwana kamodzi pakhosi. Ndinati basi, akubwerera nako kumunda kwa agalu. Ndinafuna kudzuka, koma agogo anu, omwe aja okana, anandigwira bondo: "Musiyeni."

Sanapite kumunda. Anazungulira khitchini n'kulowa pansi pa mulu wa nkhuni. Anabweranso kawiri. Lichero langa lokongola analikana, anasankha yekha malo amdima, opanikiza, oti palibe dzanja lingafikeko. Mwamva, Upile? Pansi pa kabati si pobisala pokha. Ndi nyumba yoyamba imene mphaka wanu wasankha yekha. Musamukoke, musamugwaze ndi tsache. Ikani madzi ndi chakudya pafupi, beseni lakale la mchenga pakona, inu muzichita zanu chomufulatira. Akadzazolowera, amayi anu apite naye kwa a zaziweto akabayitse katemera wa chiwewe, akafunsenso zoti asamaswane. Ife izi tinalibe, n'chifukwa chake laini yonse inadzaza zidzukulu za Chiperoni. Ndipo wina akakandidwa, asabise, asambe ndi sopo n'kuuza akuluakulu.

Makoswe sanathe tsiku limodzi. Anayamba kuchepa, kenako tinazindikira kuti sopo akukhala pamene tamusiya. Anthu omwe ankati ndikuweta mfiti anayamba kubwera mmodzimmodzi: "Amake Fanuwelo, akaswanso mutikumbukire." Esinala anatenga wakuda. A Jailosi anatenga wamawangamawanga, anamutcha Sikelo, ndipo ankamunyamula m'jekete momwe muja makoswe anadya. Agogo anu ndinawapeza tsiku lina kuseri kwa nkhuni akuthyola mitu ya usipa wawo womwe, akuti amangoona ngati nkhuni zauma.

Ine Chiperoni sanandilole kumugwira chaka chathunthu. Woyamba kumugwira anali Fanuwelo. Anakwawa, anamugwira mchira ndi manja a phala. Chiperoni anangotembenuka, anamununkhiza, n'kuyamba kumunyambita zala. Kuyambira pamenepo mwana akagona pamkeka masana, mphaka ankagona kumapazi kwake. Ine ndinayambanso kuthyola tiyi ndi mtima umodzi.

Anakula limodzi. Bambo anu ankamubisira ndiwo m'thumba la kabudula, nyerere n'kumawaluma m'kalasi. Chiperoni anafa ndi ukalamba iwo ali sitandade 4. Anakumba okha dzenje pansi pa nthochi, anamukulunga m'malaya awo a yunifolomu, oti analipo amodzi okha, ndipo masiku awiri sanadye. Tsiku lachitatu anandiuza kuti, "Amayi, ine sindidzawetanso mphaka." Ndinkayesa ndi mawu a mwana. Lamulungu pafoni paja ndi pamene ndinadziwa kuti anawasunga.

Ndiye musawaone ngati ankhanza. Musakangane nawo, musalire pamaso pawo, ndipo Mphatso usayambe zako zonyanyala chakudya. Madzulo akabwera kuntchito n'kuvula nsapato, Upile akhale pansi pafupi ndi phazi lamanzere, aone kachala kakang'ono kamene chikhadabo chake chinamera chokhota, afunse kuti, "Adadi, apa panatani?" Akayankha, chabwino. Akapanda kuyankha, musaumirize.

Kenako Tadala uike kalatayi patebulo pafupi ndi kapu yawo ya tiyi, ndi kambale ka mitu ya usipa pambali pake. Nonse atatu mutuluke mukakhale pakhonde chofulatira. Musawayang'ane m'maso, musasuzumire pawindo. Mwana ameneyo ndinamubereka ine, ndikumudziwa. Mukadikira mokwanira, mudzamva mawondo a bambo anu akulira pogwada kutsogolo kwa kabati.

Ndine agogo anu a ku Khonjeni. Nandolo wayamba kukhwima, ndikusungirani.